Kakulungidwe ka Tepi pa Handulo ya Njinga Yampikisano

Munthu wokwera njinga yampikisano, ija ya matayala opyapyala ndi handulo yopindikira pansi, amakhudzana ndi njinga yake pa malo atatu okha, ndiwo chishalo, mapedulo ndi handulo. Ndipo pa atatuwa, handulo ndiyo imanyozeredwa koposa, chonsecho ndi pamene manja amasenza gawo la kulemera kwa thupi kwa maola ambiri, amalandira kugwedezeka kwa msewu, nawongolera njinga pamtsetse. Njinga zakabaza zili ndi mphira zongolowetsa kunsonga, koma handulo yopindikayi imavekedwa tepi yochita kukulunga, ndipo tepiyo ikaperepeseka, ikaterera ndi thukuta la mwezi wa Okutobala, kapena ikayamba kumasuka, zala ziwiri zakumapeto zimachita dzanzi ndipo dzanja siligwiranso molimba.

Akale ankakulunga ndi lamba wansalu yathonje, ena nampaka vanishi ya shellac kuti akhalitse. Pambuyo pake kudabwera tepi yapulasitiki yonyezimira ya Benotto, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kampani ya Cinelli ya ku Italy idatchukitsa tepi yofewa yosakaniza ndi tizidutswa ta cork, imene mitundu yambiri ya lero idatengerako. Nsalu zasintha, koma lamulo la ntchitoyi silidasinthe: chimene chimagwira tepi pa handulo ndi kukoka kwa dzanja ndi mbali imene mwazungulirira, pamene guluu wa kunsi kwake amangothandizira.

Musanayambe, sonkhanitsani zipangizo pafupi, pakuti mukayamba kukulunga dzanja limodzi silidzachokanso pa tepi. Mupaketi mumakhala mipukutu iwiri, uliwonse wotalika pafupifupi mamita 2, tizidutswa tiwiri tatifupi, ndi zotsekera ziwiri za kunsonga. Onjezeranipo sizasi yakuthwa, tepi yakuda yamagetsi, kansanza ndi sipiriti. Sambani m'manja, makamaka ngati tepi ili yoyera, ndipo imikani njinga kuti tayala lakutsogolo lisamapotoloke.

Pindirani kutsogolo mphira zophimba zogwirira mabuleki, muchotse tepi yakale yonse, mupukute zotsalira za guluu ndi sipiriti. Pano ndikupemphani kuti muime pang'ono ndi kupenyetsetsa chitsulo chimene mwavundukulacho, chifukwa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thukuta lili ndi mchere, ndipo mcherewo umalowa pansi pa tepi ndi kudya aluminiyamu mwakachetechete, makamaka pafupi ndi pomangira mabuleki. Njinga zambiri zimene timagula zogwiritsidwa kale ntchito zimadza ndi tepi imene mwiniwake woyamba sadaichotsepo. Mukaona ufa woyera wokhala ndi timaenje takuya, kapena mng'alu ngakhale waung'ono, handuloyo musaikulunge ayi, koma muichotse ndithu, popeza ikhoza kuthyoka pa nthawi imene mwaitsamira ndi mphamvu zonse. Ikakhala yabwino, onani ngati zogwirira mabuleki ziwirizo zakhala pa msinkhu umodzi, chifukwa pambuyo pake sizidzasunthikanso, kenaka mangani makebulo ku handulo ndi tepi yamagetsi pa malo awiri kapena atatu. Woyenda m'misewu yokumbika angayale kaye kalegeni kopyapyala ka chubu chakale pamene zikhato zimakhala, koma adziwe kuti handulo ikanenepa imadya tepi yambiri.

Kukulunga kumayambira kunsonga yakumunsi kukwera kumtunda, monga momwe wofolera denga amayambira m'munsi kuti udzu wapamwamba uphimbe wapansi. Potero dzanja likamatsetsereka silipeza m'mphepete moti liutukule. Ikani nsonga ya tepi kunsi kwa handulo, musiye theka la mulifupi mwake litapitirira kunja kwa paipi, muzungulize kamodzi kathunthu, kenaka muyambe kupendeketsa.

Tsono nayi mfundo imene ntchito yonse yatsamirapo, ndiyo mbali yozungulira. Wokwera akagwira kumunsi kwa handulo napalasa mwamphamvu, manja ake amapotokera kunja. Chotero kumunsiko tepi iyenera kudutsa pamwamba pa paipi kuchokera m'kati kunka kunja, kuti kupotoka kwa dzanja kuzimangitsa m'malo momasula. Mukaima kumbuyo kwa handulo, kudzanja lamanja muzungulira monga mivi ya wotchi, kumanzere mobwerera. Koma akagwira pamwamba, pafupi ndi pakati, monga amachitira pokwera chitunda chachitali ngati cha kuphiri la Zomba, manja amakokera kumbuyo. Chotero kumtundako tepi idutse pamwamba pa paipi kuchokera kutsogolo kudza kwa wokwera. Mukakayika, gwirani pamene mwakulungapo ndi kupotoza dzanja monga mumachitira pamsewu: ikalimba mwakhoza, ikafwamphuka bwererani.

Mzere uliwonse uphimbe gawo limodzi mwa magawo atatu a mzere wapitawo, ndipo guluu azigwera pachitsulo. Sendani pepala la kunsi pang'onopang'ono, osati lonse nthawi imodzi. Kokani tepi mpaka itanuke pang'ono ndi kugona bwino, ndipo kukokako kukhale kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza; yofewa ya cork imaduka mukaikoka mwaukali, pamene yolekerera imachita makwinya isanathe sabata. Mukazunguliza katatu kapena kanayi, pindirani m'paipi mbali ija idapitirira ndi kukankhiramo chotsekera ndi chikhato, kuti ngati sichikhala bwino mukonze mudakali pafupi. Chikakhala chogwejera, chikulungeni ndi tepi yamagetsi kufikira chithine.

Pokhota pamafunika diso. Kunja kwa mpindiko njira ndi yaitali kuposa m'kati, motero mizere imatalikirana kunja ndi kupanikizana m'kati. Yesani kaphimbidwe kanu poyang'ana kunjako, ndipo muziwerama kusuzumira kunsi, kumene mipata imakonda kubisala.

Pofika pa buleki m'pamene ambiri amataya mtima, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani kachidutswa kakafupi kaja, mukamatire kumbuyo kwa handulo kuti kaphimbe lamba wachitsulo womanga buleki, nsonga zake zilowe pansi pa mphira ija mudaipinda. Kulungani kufikira tepi itakhudza kunsi kwa buleki. Pamenepo, m'malo mozungulizanso paipi, kwezani tepi cham'kati motsamira thupi la bulekiyo, muidutsitse pamwamba pake, ndi kuyambanso kuzunguliza paipi. Kudutsa kumeneku ndiko kumatembenuza mbali, kotero kuti pofika pa chigawo chowongoka cha kumtunda tepi imakhala ikudza kwa wokwera monga tanenera. Alipo amisiri ena amene amazunguliza buleki mopingasa ngati nambala 8, ndipo njira yawo imaphimba bwino, koma imadya tepi ndi kusiya chotupa pansi pa chikhato. Ine ndiona kuti kwa wophunzira njira ya kachidutswa ndiyo yoyenera. Musanapitirire, bwezerani mphira ija kwakanthawi, muone ngati chitsulo chikuonekera penapake. Chikaoneka, masulani mizere iwiri kapena itatu ndi kubwereza, pakuti tepi yambiri imalola kumatulidwa ndi kumatidwanso ikadali yatsopano.

Kumtunda ntchito ndi yopepuka. Lekezani pamene paipi iyamba kunenepa, kusiya malo a nyali kapena belu, ndipo yesani mtundawo kuchokera pakati kuti mbali inayo idzafanane nayo. Tepi ikaperewera, ndiye kuti mudapanikiza mizere. Masulani kufikira pa buleki ndi kuitalikitsa pang'ono.

Pomaliza pake ndi pamene mmisiri amadziwika. Gwirani tepi yotsalayo mopendekera monga ikudzera, muidule ndi sizasi mwachamphepete, motsata mzere woloza kutsogolo kwa njinga, kuti nsonga ikhale yaitali ndi yosongoka. Mukaizunguliza, m'mphepete mwake mudzatha mowongoka popanda phewa, ndipo nsongayo ithere kunsi. Musadulire ndi lezala pa handulo penipeni, pakuti kamzere kochekeka pa aluminiyamu kapena pa carbon ndiko chiyambi cha mng'alu. Tsono tengani tepi yamagetsi, muzungulize kawiri kapena katatu kumbali yomweyo imene tepi yaikulu yalowera, mizere yoyamba mokoka, koma womaliza mongogoneka osautanula konse, chifukwa wotanuka umabwerera ukamva dzuwa ndi kusiya zomata m'manja. Iduleni ndi sizasi, nsonga ibisale kunsi. Timalamba tokongoletsa ta m'paketi tikhoza kuikidwa pamwamba pake, koma patokha sitigwira.

Chitani chimodzimodzi mbali inayo motembenuza, bwezerani mphira za mabuleki, ndipo finyani mabuleki ndi kusintha magiya kuti mutsimikize kuti makebulo akuyenda momasuka. Amene amapalasa kawirikawiri asinthe tepi kamodzi pa chaka, ngakhale ikuoneka yabwino, kuti apeze mpata woona chitsulo. Ndipo inu nonse okwera, chotsekera cha kunsonga chikagwa panjira, musakwerenso njingayo musanaikepo china, ngakhale chivindikiro cha botolo chomangidwa ndi tepi, pakuti paipi yotseguka ikhoza kuboola ntchafu kapena mimba ya munthu pa tsiku lakugwa.