Kutunga madzi akumwa pakasupe wa m'mbali mwa msewu

Mukamayenda m'misewu ya kumapiri, ya ku Dedza, Ntcheu, Zomba kapena Mulanje, mumapeza malo ena pamene madzi akutuluka m'tsinde mwa phiri, mwina pakapaipi kamene wina anazika pathanthwe, amayi ali pamzere ndi ndowa zawo. Madzi a pakasupe amakoma. Ndi ozizira, alibe mchere ngati wa m'mijigo ina ya kuchigwa cha Shire, ndipo ambiri satungitsa ndi ndalama. Koma madzi oyera m'maso angathe kukhala ndi tizilombo, ndipo nthawi zambiri amene timawaipitsa ndife otunga, ndi zigubu zathu komanso manja athu.

Ntchito imayambira kunyumba, dzulo lake. Tengani chigubu cha malita 20 chokhala ndi chotsekera chake. Chachikasu chija chobwera ndi mafuta ophikira n'chabwino, bola muchitsuke mokwanira. Thiranimo madzi ofunda, sopo pang'ono ndi timiyala todzaza dzanja, mutseke, mukhutchumule mpaka mkono utope. Timiyalato timapala ndere zobiriwira zimene zimamatirira mkati, momwe dzanja silifika. Tsukuluzani katatu, muchizondotse kuti chiume. Koma chigubu chimene munakhalapo petulo, palafini kapena mankhwala opopera mbewu, chisiyeni. Pulasitiki amamwa mankhwalawo, ndipo sopo sawachotsa. Musaiwale kachidutswa ka sopo kosambira m'manja ndi nsalu yoyera yosefera.

Nyamukani m'mamawa, dzuwa lisanakwere, ziweto zisanafike kudzamwa. Ngati muli pagalimoto kapena panjinga yamoto, imani pamalo owongoka, kunja kwenikweni kwa phula. Akasupe ambiri ali pamakona a m'mapiri, pamene dalaivala wotsika ndi katundu sakuonani msanga. Ana muwagwire dzanja.

Mukafika, perekani moni. Kasupe ali ndi eni ake, ngakhale ali pamsewu wa aliyense, ndipo amene amatunga tsiku ndi tsiku amamudziwa kuposa inu. Afunseni kuti, "Amayi, madziwa mumamwa? Nanga mvula ikagwa amada?" Funso lachiwirili ndi lofunika kwambiri. Kasupe weniweni, wochokera pansi penipeni, amakhalabe woyera mvula ikagwa. Amene amafiira mvula ikangogwa ndiye kuti madzi oyenda pamwamba akulowamo, atakokolola ndowe ndi zonse za m'tchire. Ngati mwapeza mzere, ikani chigubu chanu kumapeto, mudikire.

Podikirapo, kwerani pang'ono kumtunda mukaone chimene chili pamwamba pa kasupeyo. Apa anthu ambiri amachita ulesi, chonsecho ndi mphindi khumi zokha. Mukuyang'ana chimbudzi, khola, dzala, manda, kapena dimba lothiridwa feteleza ndi mankhwala. Chimbudzi chiyenera kutalikira mamita 30 kapena kuposerapo, ndipo chikhale kumunsi kwa kasupe, osati kumtunda. Onaninso ngati ngalande ya msewu sikutsanulira pamenepo. Tsatirani paipi ija mpaka pamene yayambira, chifukwa ina imangotenga madzi m'kamtsinje kodutsa m'midzi, anthu n'kumati ndi kasupe. Mukapeza mitengo yachilengedwe monga mikuyu ndi katope itazungulira diso la kasupe, mtima ukhale pansi pang'ono, pamenepo pali anthu osamala. Ine zimandipweteka ndikaona mitengo yotere itagwetsedwa chifukwa cha makala, popeza kasupe wotero sachedwa kuphwa.

Nthawi yanu ikakwana, sambani m'manja ndi sopo, koma chakumunsi, osati pamene madzi akutulukira. Tsukuluzani chigubu kamodzi ndi madzi a pomwepo, kenako tchererani pamene madzi akugwa, kukamwa kwa chigubu kusakhudze paipi kapena matope. Musatunge m'kadziwe kamene kali pansipo, mmene anthu amaponda ndi agalu amamwa. Chotsekera musachiike pansi, chigwireni m'manja. Amene akutungira m'ndowa asaponyemo masamba oletsa madzi kutayika, monga tinazolowera kale. Masambawo amabwera ndi fumbi ndi zitosi za mbalame. Vundikirani ndi chivundikiro.

Za nthawi, dziwani kuti kasupe wodzaza botolo la malita 5 pa mphindi imodzi adzadzaza chigubu pa mphindi zinayi. Mu Okutobala ndi Novembala madzi amachepa, mzere umatalika, ndipo mungathe kukhala ola lathunthu pamenepo. Chigubu chodzaza chimalemera makilogalamu 20, choncho musasenzetse mwana. Panjinga, mangani ziwiri, china uku china uko, ndi zingwe za mphira. Banja la anthu asanu ndi mmodzi limamaliza chigubu chimodzi patsiku pakumwa pokha, ndiye ngati muchita kulipira kabaza, werengani bwino ngati ulendowo ukupindula.

Kunyumba musafulumire kumwa. Kolera amene anayamba mu Marichi 2022 anafika m'maboma onse a dziko lino ndipo anapha anthu oposa 1,700. Kuteteza madzi n'kotchipa poyerekeza ndi maliro. Ngati madzi ali ndi tizinyalala, asefereni pansalu yoyera yopinda kanayi. Kenako thirani mankhwala a WaterGuard, kachotsekera kamodzi pa malita 20, kapena kawiri ngati madziwo ndi akuda, mukhutchumule, mudikire mphindi 30. Werenganinso zolembedwa pabotolo. Alangizi a zaumoyo amagawanso kolorini nthawi ya mliri, ndipo iwo akuuzani muyezo wake. Kafungo pang'ono ka mankhwala kasakudetseni nkhawa, n'chizindikiro chakuti agwira ntchito. Mukasowa mankhwala, wiritsani mpaka madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Kungofunditsa sikupha tizilombo, ndipo kuwiritsa kumadya nkhuni zambiri, choncho wiritsani akumwa okha.

Madziwo asungeni m'chigubu momwemo, chotseka, pamthunzi, pamwamba pa kampando kuti nkhuku ndi ana okwawa asafikire. Pomwa, pendeketsani n'kutsanulira m'kapu. Ngati mumakonda a mumtsuko chifukwa cha kuzizira, mtsukowo ukhale ndi chivundikiro ndi chikho chake chotungira chachigwiriro chachitali, chimene wina aliyense samwera. Otsala mawa lake muchapire kapena mukolopere, ndipo chigubu muchitsukenso musanabwerere kukasupe.