Loko wolimba pa chitseko cha bango

MUULUTSI: Aphunzitsi athu a zamakompyuta afika, ndipo makalata lero ndi mulu. Yoyamba yachokera kwa bambo wina amene wapempha kuti tisamutchule dzina. Akuti: "Ndine mlembi wa komiti ya m'mudzi mwathu, tikulimbana ndi anthu amene akugulitsa malo athu kwa a ku Lusaka mwakabisira. Sabata yatha foni yanga inangoti zii, netiweki osagwira tsiku lonse. Madzulo anzanga akundiuza kuti ndawalembera pa WhatsApp kupempha zithunzi za mapepala a malo. Ine sindinalembe. Paja amati WhatsApp wina sangaiwerenge?"

APHUNZITSI: Pepani bambo, koma amene anakuuzani sananame. Uthenga wa WhatsApp ukamayenda umakhala womangidwa, ngakhale kampani ya foni siingaumasule. Wakubayo sanathyole loko ayi. Anazula chitseko chonse. Wina anapita ku kampani ya foni ndi nambala ya chitupa chanu cha NRC, mwina ndi fotokope yomwe munasiya penapake pofunsira feteleza kapena ngongole, n'kunena kuti SIM khadi yake yatayika. Atapatsidwa ina, yanu inafa nthawi yomweyo, ndiye kuti zii munamuona uja. Kenako anaika WhatsApp pa foni yake, manambala 6 otsimikizira aja anabwera kwa iye pa SMS, basi wasanduka inuyo.

Mawa lawirirani ku ofesi ya kampani yanu ya foni, osati pa kabuthi ka pamsika, NRC ili m'manja, mukabweze nambala yanu. Mukalowanso mu WhatsApp, wakubayo amatuluka yekha. Ngati anaikapo PIN yake mungadikire masiku 7, musataye mtima. Mukalowa, pitani pa Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanu. Isakhale tsiku lanu lobadwa, chifukwa lili pa NRC yomweyo. Musaiwale kusinthanso PIN ya ndalama za pa foni. Ndipo a komiti muwauze pakamwa, pamsonkhano, kuti aliyense wopempha mapepala pa foni ayambe wamuimbira amve mawu ake.

MUULUTSI: Ndiye kuti SMS ija timaidalira ija si ya chitetezo?

APHUNZITSI: Kwa amayi ogulitsa tomato pamsewu wa Great East, imathandizako ndithu, kuposa kukhala opanda kanthu. Koma kwa munthu amene ali ndi adani odziwa dzina lake, monga mlembi uyu, mtolankhani, kapena msungichuma wa kopaletivu, SMS ndi bango. Ndipo si akuba a m'mudzi okha. Mu Disembala 2020 ofufuza a Citizen Lab a ku yunivesite ya Toronto anatchula Zambia pakati pa mayiko 25 omwe ankaganiziridwa kuti anagula makina a kampani ya Circles. Makinawo amalowera m'njira zomwe makampani a mafoni amalumikizirana, ndipo amatha kuona kumene foni ili ndi kugwira ma SMS popanda kukhudza foni yako. Choncho ndimati nambala zotsimikizira zizichokera mu apu ya m'foni mwako momwemo, monga Google Authenticator kapena Aegis. Imapanga nambala yatsopano pa masekondi 30 alionse, sifuna bandulo, sifuna netiweki.

MUULUTSI: Kalata yachiwiri, ya mtsikana amene akuphunzira utolankhani. Akuti: "Ndatsegula imelo ya Proton Mail chifukwa ndinamva kuti ili ku Switzerland ndipo palibe boma lingaione. Anthu amandiuza zinsinsi. Kodi tsopano ndabisika?"

APHUNZITSI: Mwanawe, wachita bwino, koma sunabisike. Proton inayamba mu 2014, ili ku Geneva, ndipo n'zoona kuti makalata osungidwa m'bokosi lako eni kampani sangawawerenge. Koma envelopu imaoneka. Mu 2021 akuluakulu a zamalamulo ku Switzerland anailamula kuti ipereke adiresi ya intaneti ya munthu wina womenyera za chilengedwe ku France, ndipo inapereka. Mu 2024 inaperekanso imelo yobwezeretsera akaunti ya munthu wina amene apolisi a ku Spain ankamufuna pa nkhani za Catalonia. Imelo yachiwiriyo ndi yomwe inawalozera njira. Taona? Munthu anamanga nyumba ya njerwa, n'kulemba dzina lake pa kiyi wapadera.

Ndiye iwe, pa malo pomwe akufunsa nambala kapena imelo yobwezeretsera, usaikepo nambala yolembetsedwa pa NRC yako kapena Gmail ya dzina lako. Proton imakupatsa mawu 12 obwezeretsera akaunti. Uwalembe papepala, usawajambule ndi foni, uwaike kumene amayi ako amaika khadi la ku sikelo la mwana. Uziwakumbukira kumene ali, chifukwa ukataya pasiwedi ndi mawuwo, makalata akale apita, palibe wokachonderera.

Dziwanso kuti ukalembera munthu wa Gmail, kalatayo ikafika kwa iye ili m'manja mwa Google monga ina iliyonse. Chinsinsi chimathera pa khomo la mnzako. Kwa amene amakuuza nkhani, Signal ndi yabwinopo. Kuyambira 2024 ungawapatse dzina lolowera m'malo mwa nambala yako. Utsegule Registration Lock, uikenso kuti mauthenga azifufutika okha pakatha sabata. Mu Epulo 2025 dziko lathu linalandira malamulo atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, omwe akukhudza kumvetsera mauthenga, ndipo maloya ndi atolankhani anawatsutsa. Ine si loya. Changa n'chakuti uthenga womwe unafufutika kale ndi wovuta kuupeza m'foni mwako.

MUULUTSI: Akufunsanso za Proton Sentinel, akuti n'chiyani.

APHUNZITSI: Ndi ulonda wapadera womwe anauyamba mu 2023, wa olipira. Makina ndi anthu amayang'anira akaunti usana ndi usiku, ndipo wina akafuna kulowa modabwitsa amamutsekereza. Google ili ndi wake waulere, Advanced Protection, kuyambira 2017. Umafuna kakiyi kachitsulo kolowetsa m'foni kapena m'kompyuta, monga YubiKey, kapena passkey yosungidwa m'foni. Ubwino wa kakiyiko ndi wakuti sikanyengeka. Tsamba labodza lofanana ndi la Google lingakupusitse iwe, koma iko kamakana. Kukapeza kuno n'kovuta, ndipo ofunika ndi awiri, wina wosunga. Wophunzira ngati iwe yamba ndi passkey. Zikakuthina, a Access Now ali ndi thandizo laulere la atolankhani usana ndi usiku, ndipo kuno kwathu a MISA Zambia ndi Bloggers of Zambia amaphunzitsa zimenezi.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, koma iyi ndiyenera kuwerenga. Mayi wina akuti: "Ndimasunga ndalama za chilimba cha azimayi 20. Malaiti akapita ndimasiya foni pa shopu kuti aitchaje. Tsopano anthu akudziwa tsiku lomwe ndalama zalowa."

APHUNZITSI: Amayi, apa palibe za Toronto kapena Geneva. Foni yanu ili ndi loko? Ngati ndi kachizindikiro kojambula ndi chala kaja, ana anu onse akukadziwa, ndipo mafuta a chala amasiya mzere pagalasi. Ikani PIN ya manambala 6. Muzimitse foni musanaipereke pa shopu, ndipo muchotse zoti uthenga uzionekera pagalasi foni ili yokhoma, chifukwa uthenga wa ndalama umawerengeka osatsegula n'komwe. Kenako tsegulani WhatsApp, dinani timadontho titatu pamwamba, musankhe Linked devices. Munthu atagwira foni yanu kwa mphindi imodzi angalumikize yake, n'kumawerenga zonse ali kwawo. Mukapezamo foni kapena kompyuta yomwe simukuidziwa, itulutseni. Ndipo musafulumire kuloza wa pashopu chala. Kawirikawiri ndikathandiza anthu pa vuto ili, timapeza kuti wolumikizayo amadya nawo nsima mbale imodzi.

MUULUTSI: Hee, aphunzitsi, mutipasulira mabanja! Amayi, kayang'aneni usiku uno, mutilembere zomwe mwapeza. Makalata a ku Kasisi tiwawerenga sabata ya mawa.