PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KOLERA YA PA NYANJA YA CHILWA

Matemba ambiri amene timagula pamsika wa Songani amachokera ku Nyanja ya Chilwa. Amalonda amapita ku madooko monga Kachulu ndi kubwerako, choncho matenda a kunyanja sachedwa kufika kwathu.

Mu Disembala 2015, kolera inabuka pakati pa asodzi a panyanjayi, m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Asodzi ambiri amakhala m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi. Kumeneko kulibe zimbudzi, ndipo madzi amene amachitiramo chimbudzi ndi omwewo amene amamwa. Umo ndi mmene kachirombo ka kolera kamafalira.

Bungwe lachifundo la Médecins Sans Frontières linathandizana ndi Unduna wa Zaumoyo kupereka katemera wakumwa mu Febuluwale 2016. Katemerayu amamwedwa kaŵiri, motalikitsa masabata aŵiri. Koma msodzi sakhala malo amodzi. Nanga akanapezeka bwanji kachiŵiri? Azaumoyo anapatsa asodzi a m'zimbowera kabotolo kachiŵiri kuti akamwe okha tsiku likakwana. Motero theka la ntchito linasiyidwa m'manja mwa eni ake.

Phunziro lathu lagona pamenepo. Bungwe limabweretsa mankhwala, koma silingatisambire m'manja. Ndiponso mphamvu ya katemera imatha pakapita zaka zoŵerengeka. Mu Malichi 2022 kolera inabukanso ku Machinga, nifalikira dziko lonse, ndipo inapha anthu oposa 1,700.

Tsono ife a ku Songani tichite izi:

1. Tiŵiritse madzi akumwa kapena tithiremo kolorini, makamaka otunga mumtsinje wa Domasi.
2. Banja lililonse likhale ndi chimbudzi chovundikira.
3. Tisambe m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndiponso tisanadye. Tileke kusambira m'beseni limodzi.
4. Nsomba ziphikidwe mpaka kupsa, ndipo zidyedwe zikali zamoto.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga, angathe kufa tsiku lomwelo chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Mpatseni Thanzi ORS. Ngati palibe, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi oŵiritsa. Azimwa pang'onopang'ono muli paulendo wa kuchipatala. Musadikire kuti kuche.

MAFUNSO
1. Kodi nchifukwa ninji asodzi anapatsidwa kabotolo kachiŵiri?
2. Kodi m'mudzi mwanu ndi mabanja angati amene alibe chimbudzi?