Oyilo wotchipa, oyilo wodula, ndi galimoto zathu zokalamba

Makalata a omvera a sabata ino ambiri akulira chinthu chimodzi, mtengo wa oyilo wa injini. Kulirako n'komveka. Oyilo amachokera kunja, ndiye chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu umafunsa mtengo wa chigubu cha malita asanu n'kutuluka m'sitolo uli chete.

Tiyambe ndi bambo wina wa ku Chinamwali, mwini minibasi ya Hiace ya dizilo yoyenda pakati pa Zomba ndi Liwonde. Akuti: "Pali anyamata amene amagulitsa oyilo wa m'mabotolo a madzi akumwa, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Ndikamuyang'ana sakusiyana ndi wa pa filing'i siteshoni. Galimoto yanga ndi yakalekale, kodi pali vuto?"

Vuto lilipo, bambo, ndipo lalikulu. Maso sayeza oyilo. Chimene mumalipira mukagula oyilo weniweni ndi mankhwala amene anasakanizidwamo kufakitale: ena amatsuka mwaye n'kuusunga kuti usamatirire m'njira za oyilo, ena amateteza zitsulo pamene zikukhuzana, ena amathetsa asidi amene amabadwa dizilo akamapsa. Zonsezi sizioneka, ndipo zimatha mphamvu oyilo akagwira ntchito. Oyilo wotha ntchito akhoza kusungidwa m'diramu mpaka zinyalala zitadikha pansi, n'kusefedwa, n'kuoneka bwinobwino m'botolo, koma mphamvu ija mulibe. Sindikunena kuti aliyense wogulitsa wa m'mabotolo ndi wachinyengo. Ndikunena kuti botolo lopanda chizindikiro silingakuuzeni chimene chili m'kati, ndipo injini ikanoka mulibe kokadandaula.

Pogula muziona zinthu zitatu. Chitsekerero chikhale chosatsegulidwapo. Pachigubu palembedwe kulemera kwa oyiloyo, ndipo pa Hiace yanu ya dizilo 15W-40 ndi woyenera. Kenako fufuzani zilembo za API, limene ndi bungwe la ku America loika miyezo ya oyilo. Za dizilo zimayamba ndi C, monga CH-4 kapena CI-4; za petulo zimayamba ndi S, monga SL, SM, SN kapena SP. Oyilo wotchipa wa m'chigubu chomata amene ali ndi zilembo zimenezi gulani mtima uli m'malo, ngakhale dzina lake likhale losatchuka. Ndalama imene mukupulumutsa pa botolo lija muiyerekeze ndi ovaholo: maling'i, mabering'i, kukapalitsa kirankishafuti, ndiponso masabata amene minibasi idzakhale pamiyala ku galaja, dalaivala ndi kondakitala ali pakhomo panu kufunsa ya ufa.

Kalata yachiwiri yandikhudza kwambiri, chifukwa zimene ikunena ndimazimva pafupifupi m'galaja iliyonse. Mayi wina wa ku Matawale ali ndi Probox ya 2008. Akuti makaniko anawauza kuti popeza galimoto yakalamba, azithira 20W-50, chifukwa wolemera ndiye wamphamvu. Chiyambireni kutero, m'mawa injini imachita phokoso ikangolira, ndipo ikumwa petulo kuposa kale.

Mayi, makaniko wanu sanakufunireni zoipa. Malangizo amenewo anali oona pa galimoto zimene ambiri a ife tinaphunzirirapo ntchito, ma Datsun, ma Peugeot 504 ndi ma Land Rover akale, zimene mipata ya m'injini mwake inali yaikulu. Koma zaka za galimoto sizitiuza kapangidwe ka injini yake. Probox zambiri, pamodzi ndi Sienta ndi Corolla zochokera ku Japan, zili ndi injini ya 1NZ-FE kapena inzake yofanana nayo. Mukatsegula boneti muona palembedwa VVT-i. Kachipangizo kameneka kamasintha nthawi yotsegukira mavavu pogwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo, amene amadutsa m'tinjira ting'onoting'ono ndi pa kasefa kochepa kwambiri. Injini yotere inapangidwira oyilo wopepuka, monga 5W-30.

Ndifotokozeko manambalawa pang'ono. Nambala ya kumanzere kwa W imanena mmene oyilo amayendera akazizira; ikachepa ndiye kuti amathamanga msanga m'mawa. Ya kumanja imanena kulemera kwake injini ikatentha. Tsono ganizani za m'mawa wa mu Juni kapena Julaye kuno ku Zomba, chifunga chitatsika m'phiri. Oyilo wa 20W-50 nthawi imeneyo amakhala ngati uchi wogonera panja, ndipo pa masekondi oyamba aja, asanafike kumutu kwa injini, zitsulo zimadyana zouma. Phokoso limene mukumva ndi limenelo. Kuperepeseka kwambiri kwa injini kumachitika poiliza itazizira.

Bwererani ku 5W-30. Ngati mileji yakwera kwambiri ndipo oyilo akutsika pa dipisitiki, 10W-40 ndi pabwino poimira. Injini yanuyo imalowa malita osakwana anayi, ndiye kusiyana kwa mtengo pa sevisi imodzi sikungakupwetekeni monga mukuopera.

Tsopano tikwere phiri. Bambo wina ali ndi Hilux ya dizilo ya m'ma 1990, ndipo amanyamula katundu ndi alendo kupita ku Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi. Akuti galimoto ikutulutsa utsi wabuluu, ndipo mnzawo wawalangiza kuti agule oyilo wa synthetic, wodula uja, kuti utsi uleke.

Bambo, ndalama imeneyo isungeni. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa pamodzi ndi dizilo, chifukwa maling'i atha kapena tisili ta mavavu tauma. Palibe oyilo, kaya wa TotalEnergies, kaya wa Castrol, kaya wa Engen, amene angabwezeretse chitsulo chimene chaperepeseka. Mukathira synthetic muzingotentha ndalama zambiri pa ekizozi yomweyo. Synthetic ndi oyilo wabwinodi, amapirira kutentha ndipo amakhalitsa, koma ubwino wake umaoneka pa injini yosataya oyilo. Pa injini yakale imene yakhala ndi matope m'kati zaka zambiri, nthawi zina amatsuka matope amene ankatseka masili otha, ndiye mumayamba kuona madontho pansi pamene munaimika.

Inu khalani pa 15W-40 wamba wa dizilo, koma muzimusintha msanga. Msewu wa kuphiri mukuudziwa kuposa ine. Kuchoka m'tauni muno galimoto imakwera mamita mazanamazana pa mtunda waufupi, makona okhaokha, giya yachiwiri, injini ikubangula pamene liwiro ndi lochepa ndipo mphepo yodutsa pa ladiyeta ndi yochepanso. Oyilo amatentha kwambiri pamenepo, amapyapyala, ndipo amakalamba msanga. Onjezanipo fumbi la misewu ya pamwamba, yopita ku Chingwe's Hole ndi ku Emperor's View. Galimoto yogwira ntchito yotere isamapitirire makilomita 5,000 osasintha oyilo, ndipo ikakhala yongoima nthawi zambiri, isadutse miyezi isanu ndi umodzi. M'mawa uliwonse musanalize, imikani pamalo osatsetsereka, sololani dipisitiki, ipukuteni ndi kansanza koyera, ibwezereni, musololenso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri zija. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli pa chitunda, musanene kuti ndikafike kaye pamwamba. Patukani pomwepo n'kuzimitsa injini. Za utsiwo, yambani kusunga ndalama ya maling'i.

Mwaiwala kufunsa za fyuluta, ndiye ndinenepo ndekha, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzibera. Munthu amagula oyilo wabwino n'kusiya fyuluta yakale, kapena kugula yotchipitsitsa yopepuka ngati mulibe kanthu m'kati. Fyuluta ikatsekeka, kavavu ka m'kati mwake kamatseguka ndipo oyilo amadutsa osasefedwa, zinyalala zonse n'kupita ku mabering'i. Oyilo watsopano, fyuluta yatsopano, nthawi zonse.

Wina wa ku Sadzi akufunsa ngati anamugulitsa oyilo wabodza, popeza anada patangotha masiku ochepa. Ngati ndi injini ya dizilo, kuda msanga si chizindikiro choipa; oyiloyo akunyamula mwaye, imene ndi ntchito yake. Chimene muyenera kuopa ndi oyilo woyererako, wooneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka pa dipisitiki. Amenewo ndi madzi a mu ladiyeta, ndipo kawirikawiri ndi gasiketi ya kumutu imene yapsa. Galimoto yotere musayendetse, itanani makaniko abwere pomwe yaima.

Kalata yomaliza lero ndi ya mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto wa ku Songani. Akuti amathira oyilo wotsala wa galimoto ya amalume ake, ndipo kilatchi yayamba kuterera akanyamula munthu pa chitunda. Achimwene, pa njinga zambiri zamoto kilatchi imakhala m'oyilo yemweyo wa injini. Oyilo wina wa galimoto, makamaka wopepuka, ali ndi mankhwala oterera kwambiri amene amalepheretsa mapuleti a kilatchi kugwirana. Gulani wolembedwa 4T ndi JASO MA kapena MA2. Njinga yanu imangofuna pafupifupi lita imodzi. Khuthulani amene alimoyo injini ikali yofunda, thirani woyenera, muyende naye sabata imodzi; kilatchi ikapitirizabe kuterera, mapuleti ake ndiwo atha ndipo afunika kusintha.