Chokolera kumbuyo kwa ngolo: chasisi ipirira?

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa Mburuma, m'boma la Luangwa. Bambo amene walemba akuti: "Ndili ndi ngolo ya matayala awiri yokoka ndi galimoto. Ndimatengera nsomba zouma ndi masau ku Feira kukagulitsa ku Lusaka. Ndikufuna kuikitsa chokolera kumbuyo kwake kuti ndizinyamulirapo njinga yamoto. Wowotcherera akuti ndi ntchito ya ola limodzi. Kodi chasisi ipirira?" Amakanika, athandizeni.

MAKANIKA: Bambo, musapupulume. Ngolo yotere ili ngati sikelo, ndipo ekiselo ndiye pakati pake: mukalemeza kumbuyo, kutsogolo kumapepuka. Pamene ngolo yagwirana ndi galimoto pamafunika kutsamira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse. Ndiye tiwerengere limodzi. Tinene kuti ngolo ndi katundu ndi makilogalamu 750, kutsogolo kwatsamira 75. Njinga ya makilogalamu 120 mwaipachika mita imodzi ndi theka kuseri kwa ekiselo, pomwe kuchoka pa ekiselo kufika pagalimoto ndi mamita 3. Kutsogolo kwachoka 60, kwatsala 15 basi! Ngolo yotero imayamba kudzandira mukangowonjezera liwiro, makamaka potsetsereka. Inu mukudziwa mmene Great East Road imakhotera m'mapiri a Manenekera mukangochoka pa Luangwa Bridge.

Tsopano za chasisi. Zitsulo za kumbuyo kwa ngolo zambiri n'zopyapyala chifukwa anazipangira kugwira thandala ndi magetsi. Njinga ikakhala yolendewera, tayala likagwa m'dzenje kapena kukwera hampu, imagunda chitsulocho ndi mphamvu yoposa kulemera kwake. Sichithyoka tsiku loyamba ayi. Chimapindikapindika, kenako mng'alu umayambira m'mphepete mwenimweni mwa pomwe anawotcherera, poti moto umasintha kulimba kwa chitsulo. Mukaona penti yasweka, kapena kamzere ka dzimbiri konga tsitsi, dziwani kuti wayamba.

WOULUTSA: Ndiye aileke ntchitoyi?

MAKANIKA: Ngati akakamira, wowotcherera apingase chitsulo chochindikala cholumikiza mizati iwiri ikuluikulu ya chasisi, aike mapuleti, amange ndi mabawuti m'mbali mwa mizatiyo. Asaboole kapena kuwotcherera mopingasa pamwamba ndi pansi pa mzati, poti ndi pomwe pamasenza katundu. Ntchito imeneyo si ya ola limodzi. Koma ndikanakhala ine, njingayo ndikanaikweza m'ngolo momwemo, patsogolo pang'ono pa ekiselo, n'kuimanga ndi malamba anayi. Mudzasiya matumba angapo a nsomba, zoona.

WOULUTSA: Mayi wina wa ku Katondwe akufunsa ngati mwamuna wake angakole kangolo kachiwiri, ka bwato, kumbuyo kwa ngolo yoyamba.

MAKANIKA: Mayi, muwaletse. Galimoto yaing'ono singaimitse ngolo ziwiri zopanda mabuleki, ndipo yachiwiriyo imadzandira kuposa yoyamba. Za malamulo akafunse ku bungwe loona za pamsewu la RTSA, koma kwa ine ngati makanika yankho ndi ayi. Apite maulendo awiri.