Galimoto ya gulu ikayamba kumisa: pezani vuto musanagule sipeya

Cholinga cha phunziroli ndi chakuti membala aliyense, osati dalaivala yekha, athe kuzindikira injini ikamamisa, apeze silinda imene yasiya kugwira ntchito, ndi kudziwa nthawi yoitana makaniko.

Khofi wothyoledwa lero amayenera kusendedwa lero lomwe. Akagona m'matumba amayamba kusasa, giredi yake imatsika, ndipo mtengo umatsika nawo. Kuno ku Misuku matumbawo amadalira Land Cruiser kapena Hilux yakale, ina yoposa zaka 20. Ikafa pachitunda, makaniko wa zida zokwanira ali ku boma la Chitipa kapena ku Karonga, ndipo sipeya zina mpaka Mzuzu. Magulu ambiri amataya ndalama pogula sipeya mongoganizira, kenako n'kupeza kuti vuto linali madzi m'mafuta.

Kumisa n'chiyani?

Hilux yakale ili ndi masilinda 4. Land Cruiser ya injini ya 1HZ, imene Toyota inayamba kupanga mu 1990, ili ndi 6. Masilindawa amaphulitsa mafuta mosinthana, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Mmodzi akaphonya, aliyense amamva kuti kamvekedwe kasokonekera. Injini yomisa imanjenjemera, ekizozi imalira modukizadukiza, mphamvu imachepa.

Silinda imafuna zinthu zitatu: mafuta oyenera, moto, ndi mpweya wopanikizika bwino, umene amakaniko amati kompuresheni. Pa injini ya petulo moto umachokera ku pulagi. Ya dizilo ilibe pulagi ya moto. Mpweya ukapanikizika kwambiri umatentha wokha n'kuyatsa mafuta. Tsono yambani mwadziwa kuti yanu ndi iti.

Tisasokoneze ndi izi: injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake pa mamita 1,000 aliwonse okwera, chifukwa mpweya wa m'mapiri ndi wopepuka. Galimoto imene imathamanga bwino kunyanja ku Karonga idzafooka ndithu pokwera kuchokera ku Kapoka, mwinanso n'kutulutsa kautsi kakuda. Ngati kulira kwake kuli kosalala, siikumisa.

Funsani dalaivala kaye

Monga timachitira m'munda, timayamba ndi kuona, osati kupopera mankhwala. Vutoli linayamba liti? Mafuta omaliza anathiridwa pa pampu kapena anali a m'zigubu? Mwawoloka mtsinje kapena kutsuka injini? Alipo anakhudza mawaya posachedwa?

Ya dizilo ikamamisa m'mawa mokha kukuzizira, ndi utsi woyera wonunkha dizilo umene umatha injini ikatentha, kawirikawiri ndi mahita pulagi amene apsa. Ikamayenda bwino pachidikha koma n'kudukiza pokwera ndi katundu, ganizirani fyuluta ya mafuta yotsekeka, kapena pa ya petulo mawaya a mapulagi otopa. Utsi wakuda umasonyeza mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa. Onani fyuluta ya mpweya, pakuti fumbi la chilimwe limaitseka msanga. Utsi wobiriwira ngati wa oyilo wopsa ndi chizindikiro cha injini yakutha mkati.

Musanagwire sipana, imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, chotsani giya, ikani miyala kumatayala. Chitenje, mpango ndi manja a malaya zikhale kutali ndi fani.

Injini ya dizilo

Yambani ndi chotsika mtengo. Pansi pa fyuluta ya mafuta pali kokhetsera. Masulani pang'ono, mukhetsere m'botolo loyera loonekera mkati, mulisiye kanthawi. Madzi amalemera kuposa dizilo, ndiye amakhala pansi, mzere wake n'kuoneka bwino. Mukapeza madzi kapena matope, khetsani mpaka patuluke dizilo yekha, sinthani fyuluta, ndipo funsani kumene mafutawo anagulidwa. Ine ndimaona kuti dizilo wa m'zigubu ndiye wapha mapampu ambiri kuposa misewu yathu yoipayi. Ngati palibe kuchitira mwina, chigubu chikhale chitaima usiku wonse, muthire kudzera pansalu yoyera, ndipo zotsalira pansi musathire.

Kenako dinizani kapampu ka pamwamba pa fyuluta. Kayenera kulimba mukadiniza kangapo. Kakamakhalabe kofewa, mpweya ukulowa penapake: paipi yong'aluka kapena rabala ya fyuluta yosakhala bwino. Mukalumikiza kapaipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, thovu mudzaliona likudutsa.

Mafuta akakhala bwino, funani silinda yakufa. Injini ikulira pang'onopang'ono, tengani sipana 17, phimbani ndi kansanza nati imene yamanga paipi pa injekita yoyamba, muimasule pang'ono chabe. Mvetserani. Kulira kukatsika ndi kunjenjemera kukawonjezeka, silindayo inali kugwira ntchito. Mangani nati, pitani pa yotsatira. Pamene mwamasula koma kulira osasintha, pamenepo ndiye pali vuto. Osayika chala pamene mafuta akutuluka. Amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo bala lake, ngakhale looneka laling'ono, ndi lothamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

Kupeza silinda si kupeza chifukwa. Makaniko asinthanitse injekita ya silinda yakufayo ndi ya silinda yabwino, aike mawashala atsopano, muyesenso. Vuto likasamuka limodzi ndi injekita, tumizani injekitayo kwa oyesa mapampu. Likatsala pa silinda yomweyo, injekita ilibe mlandu, ndipo mwapulumutsa ndalama zake. Zomangira za pampu yeniyeni musazitembenuze.

Injini ya petulo

Njira ndi yomweyo, koma apa timazula waya wa pulagi umodzi umodzi ndi pulayazi ya zogwirira za rabala. Ndi dzanja lokha mudzadumpha nayo shoko. Mukapeza silinda yosasintha kulira, zimitsani injini, idikireni izizire, masulani pulagiyo. Nsonga yofiirira ngati dothi louma ndi yabwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikuti petulo wachuluka. Yonyowa ndi petulo ikuti moto sukufika. Ya oyilo wakuda ikuti vuto lili mkati. Isinthanitseni ndi pulagi ya silinda ina, kenako waya, chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zinthu ziwiri pamodzi simudzadziwa chimene chinali cholakwa.

Nkhungu ya kuno ndi madzi a m'mitsinje zimalowa m'kapu ya disitibyuta. Itseguleni, ipukuteni, muione padzuwa ngati ili ndi kamng'alu kapena kamzere kakuda. Usiku, injini ikulira, tsegulani boneti: waya wotha amaonetsa timoto tothetheka. Ndipo ngati wina anazula mawaya onse pamodzi, onani ndondomeko yake. Pa Hilux ya masilinda 4 moto umayenda 1, 3, 4, 2, kuwerenga kuchokera kutsogolo kwa injini. Mawaya awiri osinthana amamisitsa injini imene ilibe vuto lina lililonse.

Pamene muyenera kuimitsa galimoto

Mafuta ndi moto zikakhala bwino, chatsala ndi kompuresheni, ndipo iyi imafuna geji ya makaniko. Muuzeni ayese masilinda onse, alembe manambala papepala la gulu. Imodzi yotsika kwambiri imaloza ku valavu kapena maring'i. Ziwiri zoyandikana zikatsika pamodzi, kawirikawiri ndi gasiketi. Zizindikiro za gasiketi mungazione nokha: madzi a m'rediyeta kuchepa popanda podontha, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera wosatha injini itatentha. Rediyeta yotentha osaitsegula.

Onaninso ndodo yoyezera oyilo. Oyilo akamakwera yekha ndi kununkha mafuta, ndiye kuti mafuta osapsa akutsikira m'munsi ndi kusungunula oyilo. Galimoto yotere, kapena yogogoda mkati, isanyamule ngakhale thumba limodzi. Kubwereka ina kwa masiku atatu n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kumasula injini yonse.

Ntchito ya lero

Gawanani m'magulu a anthu asanu pa galimoto imene yabwera. Gulu loyamba lifunse dalaivala ndi kulemba mayankho. Lachiwiri likhetse fyuluta ndi kuonetsa botolo kwa onse. Kenako onse atembenuke, makaniko amasule paipi kapena waya umodzi, ndipo aliyense anene ngati wamva kusintha. Bwerezani mpaka amayi ndi abambo onse azitha kusiyanitsa ndi khutu lokha.

Tisanabalalike, tigwirizane amene asunge kabuku ka galimoto. M'menemo mulembedwe tsiku, makilomita, kumene mafuta agulidwa, ndi tsiku limene fyuluta yasinthidwa. Kabukuka kabwere pa msonkhano wa sabata yamawa.