Mayeso atathetsedwa: phunziro la ku Kanjedza

Anzanga a m'makalabu, phunziro la mwezi uno likuchokera pa zomwe zidachitika m'chaka cha 2020. Ambiri a inu mudali ku pulayimale nthawi imeneyo, koma mukafunsa akulu anu akuuzani.

Sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19. A Folomu 4 adakhala pakhomo miyezi yoposa isanu, ndipo adabwerera m'kalasi mu Seputembala. Mayeso a MSCE adayamba kumapeto kwa Okutobala. Koma pa 4 Novembala, ana ali mkati molemba, nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, Mayi Agnes NyaLonje, idalengeza kuti mayeso onse athetsedwa chifukwa mapepala ena adabedwa n'kumafalitsidwa pa mafoni. Wobera ndi wosabera yemwe, onse adauzidwa kuti adzalembanso.

Ine nthawi imeneyo ndinkathandiza kalabu ya achinyamata ku Kanjedza. Kwa inu amene simudafikeko, Kanjedza ali ku Blantyre, pafupi ndi Limbe. Madzulo a tsikulo ana athu a Folomu 4 adabwera ali ndwii. Mnyamata wina adati akawotcha makope ake onse. Mtsikana wina, amene mayi ake amagulitsa tomato mumsika wa Limbe, adandiuza kuti, "Anti, ine basi ndatopa. Sukuluyi siyanga." Sindidamuuze kuti asadandaule. Akadapanda kudandaula bwanji? Ndalama ya minibasi yomwe ankayendera idali yochoka pa tomato yemweyo, ndipo usiku ankawerengera kandulo. Tidamusiya alire.

Chimene chinkandiopsa ine si tsiku la Novembala lija ayi, koma masabata otsatira. Munthu akakhumudwa amangokhala, ndipo akangokhala ndi pamene anzake a mowa amamupeza. Ndi pamenenso zidyamakanda zimabwera ndi foni ndi tchipisi, n'kumati, "Sukulu yakukanika kale, bwera ndikusamale." Sizongopeka izi. Kafukufuku wa boma adapeza kuti pamene sukulu zidatsekedwa mu 2020, atsikana oposa 40,000 adatenga mimba ndipo maukwati a ana adakwana pafupifupi 13,000. Pamene palowa mimba yosakonzekera, nthawi zambiri ndiye kuti kondomu padalibe, ndipo kachilombo ka HIV kakadatha kulowa pakhomo lomwelo.

Nanga tidatani? Sitidachite zodabwitsa. Tidagwirizana kuti sabata yoyamba aliyense apume, osagwira kope. Lolemba lotsatira tidakumana 8 koloko m'mawa, monga ngati ku sukulu. Adabwera anayi okha. Tidayamba choncho. Wodziwa masamu amaphunzitsa masamu, wodziwa bayoloje amatenga bayoloje. Wina akajomba masiku awiri, anzake awiri amapita kwawo kukamuona, osati kukamukalipira. Mtsikana wa tomato uja adamutsatira katatu asadabwere. Tsiku limene adabwera sadalankhule ndi munthu, adangokhala kumbuyo ndi kope lake. Ife tidati zili bwino, bola wabwera.

Poyamba zidamveka kuti mayeso adzalembedwa mu Malichi, kenako tsiku lidasinthanso kubwera mu Januwale 2021. Apa ena adakwiyanso, chifukwa adali atakonza kale ndondomeko yowerengera. Tidafufuta pa bolodi n'kulembanso ina. Khirisimasi ya chaka chimenecho tidadyera m'makope, mvula ikugogoda pamalata.

Ndisakunamizeni kuti onse adakhoza. Zotsatira za mayeso amenewo zidali zoipa m'dziko lonse. Okhoza sadafike theka. Mwa ana athu, ena adakhoza, ena adabwereza chaka chotsatira. Mtsikana uja adapeza satifiketi yake ulendo wachiwiri. Mmodzi adatenga mimba, ndipo tidakakambirana ndi makolo ake za lamulo lolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka, lomwe lidayamba mu 1993. Makolo ambiri salidziwa lamuloli mpaka lero.

Mwina inu simudzaona mayeso akuthetsedwa. Koma zofanana nazo mudzakumana nazo kumudziko. Mwakonzekera sewero la pa 1 Disembala kwa mwezi wathunthu, tsikulo mvula n'kukhuthuka. Mwapalasa njinga kupita kukayezetsa magazi, n'kupeza kuti zipangizo zatha. Kapena mtsinje wadzadza pa tsiku lokatenga ma ARV. Zikatere, musachoke musadafunse tsiku lina lobwera, ndipo ngati ndi mankhwala, pitani ku chipatala china chapafupi ndi buku lanu la kuchipatala, musadikire kuti atheretu.

Pa msonkhano wanu wotsatira, khalani awiriawiri. Aliyense afotokoze tsiku limene adalikonzekera koma zinthu n'kusokonekera, ndi zomwe adachita mawa lake. Kenako alembi alembe mayina a mamembala amene sadaoneke mwezi uno, ndipo musankhe anthu awiri okawaona Loweruka lisadafike.